Kalole ka Bambo Kokhotera Kwina

Lachinayi, pa 17 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, ngakhale kuti masabata awiri apitawa andionetsa zakuda. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni inu mumakhala muli pa liwiro, ndiponso nyumba yathu mukuidziwa, munthu ukatsokomola kukhitchini bambo amayankha ali kuchipinda. Zimene ndikufuna kukuuzani sindikanazinena iwo akumva.

Phukusi lanu linafika bwino, ndipo ndithokoze kaye musanati mlongo wanu ndi wosayamika. Koma achimwene, ine ndinapempha chiyani? Ndinati mabatire a kalole koseweretsa ka bambo atopa, akumatha pa mphindi khumi, ndipo rimoti ikumasiya kugwira kalole kakangofika pageti. Ndinati mutipezere ena ofanana ndi akalewo. Inu mwatumiza batire lalikulu ngati sopo wochapira, tchaja yokhala ndi galasi lolemba manambala, rimoti ya tizotabwanya khumi ndi kamodzi, timabokosi tiwiri ta mawaya, ndi kabuku ka zilembo zing'onozing'ono m'zinenero zisanu ndi chimodzi. Ine ndine telala, achimwene, sindinaphunzire zoulutsa ndege.

Mwina simudziwa kuti kalole kaja kanasanduka chiyani m'nyumba muno, poti munangokasiya chaka chatha bambo atatuluka m'chipatala, inu n'kubwerera. Mayi wa mafizo uja atakaona anati n'kabwino kuposa kampira kofinya kamene bambo ankakataya pansi pa bedi. Kandodo ka kumanzere pa rimoti n'koyendetsera kutsogolo ndi m'mbuyo, ka kumanja n'kokhotetsera, ndiye chala chachikulu cha dzanja lomwe linafa ndi sitiroko lija n'chimene chimagwira chiwongolero. M'mawa uliwonse ndimawakhazika pakhonde, n'kuwaikira njerwa ziwiri pabwalo, iwo n'kumalowetsa kalole chambuyo pakati pa njerwazo osakhudza ngakhale imodzi. Zaka makumi atatu ndi zinayi anayendetsa lole osakanda utoto, ndipo amafuna aliyense wodutsa pamsewu adziwe kuti lusolo likadalipo. Akakaimika bwino, tsiku limenelo amadya, amaseka, amandilalatira za mchere. Akalephera, nyumba yonse imadwala.

Ndiye mavuto anayamba tsiku lomwelo. Pulagi ya batire latsopano sinkalowa pa waya wa kalole, ndipo batirelo linakana kukwana m'malo mwake. Ndinakanyamula m'jumbo kupita kwa a Fyuzi, okonza mawailesi aja a kuseri kwa shopu yanga, amene magalasi awo amamangidwa ndi waya. Anakatembenuza, n'kukanunkhiza, kenako anati, "Mayi, achimwene anuwa agula nsapato zabwino, koma tsopano tiyenera kusintha mwendo." Ankatanthauza kuti zam'kati zonse zichoke, alowetse timabokosi tanu tija, kamodzi kolandira mawu a rimoti, kena kopereka moto ku injini.

Ndinapitako katatu. Ulendo woyamba anadula pulasitiki kuti batire likwane, chivindikiro n'kukana kutseka. Ulendo wachiwiri anawotcherera mawaya, magetsi n'kuzima ali pakati. Ulendo wachitatu tinakhala masana onse tikuyesa kuti rimoti ndi kalole zidziwane, ine nditadina kabatani ndi singano, iwo akuyatsa ndi kuzimitsa, kagetsi kofiira kakungotiphethira. Nthawi yonseyo mayunifolomu a ana a sukulu khumi ndi anayi ankandidikira pa makina, ndipo mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake n'kupita nayo kwa telala wina. Kunyumba nako bambo ankangofunsa kuti galimoto yawo ituluka liti m'galaja.

Kagetsi kaja katasiya kuphethira, a Fyuzi anandipatsa kalole n'kunena kuti, "Mukakafika mukayese pansi, mutaima kumbuyo kwake, musanawapatse madala." Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga awiri, ndipo sindingawanamizire kuti sananene. Koma ndinali nditatopa, ndipo pansi pa shopu yanga panali nsalu zokhazokha. Ndinakakhazika pa chitini cha mabatani pa tebulo lodulira, mateyala ali m'malere, mphuno yake itayang'ana kwa ine. Ndinakankha kandodo kumanja, mateyala anakhotera ku dzanja langa lamanja. Ndinakankha kumanzere, anakhotera kumanzere kwanga. Ndinati zatheka, n'kukabwezera m'jumbo.

Linali Loweruka, tsiku limene a Jeki amabwera. Mukuwakumbukira, ankayenda ndi bambo pa lole zaka zonse zija, ndipo mpaka lero, ndi imvi zawo, amawatchula kuti bwana. Amaima pafupi ndi njerwa n'kumakodola ndi manja ngati akulondolera lole yeniyeni. Ndinawaikira bambo rimoti pamiyendo, ndinawaonetsa poyatsira, kenako ndinalowa m'nyumba chifukwa munali mtsikana wodzayesa diresi. Ndili ndi mapini kukamwa ndinamva a Jeki akuti, "Kumanja, bwana, kumanja. Ayi, kumanja kwanu." Kenako kunamveka phokoso la chinthu chikusweka.

Nditatuluka ndinapeza kalole katagunda mphika wa maluwa, mateyala akupala dothi. Ine ndinangoganiza kuti ndi liwiro, poti batire lanuli limakathamangitsa ngati kalumidwa ndi mavu, ndipo mumtima ndinakunenani kwambiri. A Jeki anakabwezera pamalo, bambo anayesanso, kanapita ku ngalande. Anayesa kachitatu, kanagunda njerwa mpaka inagwa. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinayenera kundidzidzimutsa. Anangokweza dzanja lawo lamanja, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndilowetseni m'nyumba." Ine ndinatenga kalole n'kukaponya pamwamba pa wadiropu.

Masiku asanu sanatuluke pakhonde. Mayi wa mafizo atabwera anamubweza ali pakhomo. Chakudya ankangochigwiragwira ndi supuni. Lachiwiri ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, akugwira khutu ili, kenako ilo, akunong'ona okha kuti manja, manzere, manja, manzere. Atandiona anayerekeza ngati akukanda. Lachitatu anandiitana, n'kundiuza kuti nditseke chitseko.

"Mutu wanga wayambanso," anatero. "Ndimachiuza chala kuti kumanja, galimoto imapita kumanzere. Katatu konse, Jeki akuona. Ulendo woyamba zinayamba chonchi, ndinkafuna kapu n'kugwira mbale."

Ndinati ndi liwiro chabe, azolowera.

"Liwiro ndimalidziwa, mwana wanga, ndakalamba nalo. Liwiro silisintha manja kukhala manzere. Umulembere mchimwene wako asabwere pa tchuthi chino. Sindifuna adzandipeze ndikusokoneza mayina a ana ake."

Achimwene, Lamlungu lija munaimba n'kufunsa ngati bambo akusangalala ndi rimoti yatsopano, ine ndinati inde, kwambiri. Ndinanama. Sindinafune kuti muyambe kundiwerengera zimene kabuku kanena, komanso ndinali nditakupserani mtima. Lachinayi lake ine ndi alamu anu tinawatengera kuchipatala. Anawayeza magazi, anawaunika m'maso, anawauza kuti akweze mikono, ndipo adokotala anati palibe chatsopano. Tili m'galimoto pobwerera bambo anangoti madokotalawo sanawaone akuyendetsa.

Lachisanu ndinatsitsa kalole pa wadiropu kuti a Fyuzi akachepetse liwiro, mwina bambo angakopeke. Iwo anakaika pansi m'kanjira ka kuseri kwa shopu, anaima kumbuyo kwake, anakankha kandodo kumanja. Kalole kanapita kumanzere, n'kukalowa pansi pa benchi. Anaseka, n'kunena kuti, "Aa, mayi, chiwongolero chatembenuka ichi. Simunayese?" Anatembenuza rimoti, anakankha kotabwanya kena kakang'ono ngati njere ya mpunga ndi chikhadabo, ndipo basi, kalole kanayamba kumvera. Atacheuka n'kuona nkhope yanga anasiya kuseka.

Ndinakhala pa sipika yakufa imene ili pakhomo pawo ndipo ndinalira ngati mwana. Ine amene tsiku lililonse ndimaima kutsogolo kwa munthu ndi tepi, amene ndimadziwa bwino kuti phewa limene lili kumanja kwanga ndi lamanzere kwa mwini diresi, ndinaiwala zimenezo pa kalole. Kanali katandiyang'ana, ndiye kumanja kwanga kunali kumanzere kwake. Bambo anagona masiku asanu akudikira sitiroko yachiwiri chifukwa choti ine ndinachita ulesi kusuntha nsalu pansi.

Panjira ndinakonza mabodza atatu. Ndikanati a Fyuzi analumikiza molakwika, kapena kuti rimoti inabwera choncho kuchokera kufakitale, kapena kuti ndi inu, poti muli kutali ndipo simukanamva. Koma nditalowa m'chipinda ndinagwada pafupi ndi bedi n'kunena zonse mmene zinalili. Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Iwenso wayamba kundinyengerera ngati mwana." Anatembenukira kukhoma. Pamenepo ndiye mutu unandiima, chifukwa ndinanena zoona ndipo sizinagwire ntchito.

Mawa lake ndinachita zamakani. Ndinabwezera kotabwanya kaja pomwe kanali poyamba, ndinakankha mpando wa mateyala wa bambo mpaka pakhonde iwo akudandaula, ndinaimika njerwa, kenako ndinaitana alamu anu, amene sankadziwa kanthu za chiwongolerocho. Ndinati atiyesere kalole kamene kabwera kokonzetsa. Munthu wa manja awiri abwinobwino, wa laisensi yake m'thumba, anakankha kumanja, kalole n'kukagunda ndowa. Anayesanso, kanakalowa m'maluwa. Anayamba kutukwana rimoti, akuti chinthuchi n'chopenga.

Bambo anawerama pampando. "Bwerezani, apongozi," anatero, ndipo alamu anu anabwereza, n'kugundanso ndowa yomweyo. Ndinatenga rimoti, ndinawaonetsa bambo kotabwanyako, ndipo anakakankha okha ndi chala chawo, osalola kuti ndiwathandize. Anayendetsa. Ulendo woyamba anapitirira njerwa chifukwa cha liwiro. Wachiwiri ndi wachitatu anakhudza ya kumanzere. Wachinayi kalole kanalowa chambuyo pakati penipeni, n'kuima.

Ndinkadikira kuti aseke kapena andigwire dzanja. Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira a Jeki akaiwala kumanga tenti, n'kunena kuti, "Galimoto saiyesa ataima kutsogolo kwake. Ukanakhala wanga wa pa lole ndikanakutsitsa panjira." Tsiku lonselo sanandilankhule, ndipo mpaka lero amandiyankha mwachidule. Zikundiwawa, sindikubisirani, koma madzulo ake anamaliza mbale yonse n'kuitanitsa ina.

Tsopano zopempha zanga ndi izi. Mufufuze ngati pali njira yochepetsera liwiro, chifukwa a Fyuzi agonja, akuti kabuku kanu kalembedwera anthu a maso a mphaka, ndipo chala cha bambo chimatopa msanga polimbana nako. Batire likumatentha tikamatchaja, moti ndimaliika m'poto wakale pa simenti n'kukhala pompo ndikuliyang'anira ngati mkaka, ndiye mundiuze ngati zimatero. Mlongoti wa rimoti wayamba kale kugwedera. Ndipo chonde, musatumizenso chinthu china chabwino kwambiri musanandifunse. Inu mumagula muli uko, wozunzika nazo ndi ine.

Alamu anu akupereka moni, akuti ndowa mudzawagulire ina. A Jeki akuti muwapatsire moni ana. Dzulo bambo anandifunsa ngati ndinakulemberani kalata ija yoti musabwere. Ndinati sindinalembe, ndipo anati ndine mwana wosamva, koma sanandiuzenso kuti ndilembe. Lero ndisanatseke kalatayi ndalowa kukawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuzeni. Anatambasula dzanja lamanja pa bondo, n'kutchula ana anu onse atatu mayina awo, kuyambira wamkulu, pang'onopang'ono, akupinda chala chimodzi pa dzina lililonse. Sanaphonye ngakhale limodzi. Akuti mubwere nawo.

Ndine mlongo wanu wotopa koma wokukondani,
Telala