Chipepeso pa Imfa ya Mayi Rahila, Wosunga Mbewu Yathu

Kalabu ya Alimi a Mpunga ya Tiyesenawo
Dwambazi, Nkhotakota
Lachiwiri, 16 Januwale 1996

Kwa bambo Swaibu Kalilu, ana, adzukulu ndi abale onse, komanso kwa onse amene adzamve kalata ino ikuwerengedwa.

Ndikulemba sikisi koloko m'mawa, mvula ikuwaza ndipo mitambo yatsika mpaka kuphimba mapiri. Ndikulemba m'malo mwa mamembala onse a kalabu yathu, amene tinalandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya akazi anu, mayi Rahila, amene anatisiya Lachisanu m'bandakucha atadwala masiku anayi okha.

Mayi Rahila anakhala pabanja ndi inu, bambo Swaibu, zaka makumi asanu ndi chimodzi. Anabereka ana asanu ndi atatu, atatu mwa iwo anatsogola, ndipo adzukulu amene anasiyidwa anawalera pakhomo pawo osawasiyanitsa ndi ena. Sanapite kusukulu, koma m'kalabu yathu munalibe wodziwa mbewu ngati iwo. Chaka chilichonse mpunga usanadulidwe ankayenda m'munda ndi kampeni kusankha ngala zabwino za mpunga wa faya imodziimodzi, n'kuziyanika padera, n'kuzisunga m'mitsuko yomata kukamwa. Chaka cha chilala, pamene ambiri a ife tinadya ndi mbewu yomwe, mitsuko imeneyo ndiyo inatidzalitsanso. Zipani zitabwera, kalabu itatsala pang'ono kugawikana chifukwa cha nsalu zimene aliyense ankavala pobwera kumsonkhano, iwo anaimirira, munthu wosakonda kulankhula pagulu, natifunsa ngati mpheta zimayamba zafunsa mwini munda chipani chake zisanatere pampunga. Tinaseka tonse, ndipo kalabu ilipo mpaka lero.

Pali nkhani imene ndiyenera kuinena poyera. Malamulo athu amati membala akamwalira, kalabu imapereka bokosi. Uthenga utatipeza Lachisanu, tinachita monga tachitira pamaliro onse a m'mbuyomu: tinatumiza anthu kwa kalipentala ku Dwangwa, tinadikira kuti akhome, ndipo Loweruka m'mawa tinafika pakhomo panu ndi bokosi pangolo, amayi ali pambuyo ndi nkhuni. Mwana wanu wamkulu, a Abasi, anatichingamira pamsewu natiuza motsitsa mawu kuti mayi anaikidwa dzulo lake itangotha swala, pemphero la masana, atakulungidwa m'sanda monga mwa Chisilamu, ndipo kuti kwanu bokosi siligwira ntchito.

Ine ndaphunzitsa ana a Chisilamu zaka makumi atatu m'dera lino, a Abasi omwewo anadutsa m'kalasi mwanga, ndipo zimenezi ndimazidziwa. Koma tsiku limenelo ndinatsegula buku la malamulo m'malo mofunsa anthu. Kulakwa ndi kwanga, osati kwa mamembala. Mayi amene sanajombepo pamaliro a aliyense wa ife anapita kumanda popanda ndi mmodzi yemwe wa kalabu yawo, ndipo palibe chimene tingachite kuti tsikulo libwerere.

Inu bambo Swaibu simunatikalipire, ndipo mwina zikanatipepukira mukanatero. Munangoyang'ana bokosi lija pangolo n'kunena kuti, "Lisungeni, aphunzitsi. Inu ndi ine tatsala pang'ono, koma ine sindilowamo." Anthu ena anaseka.

Sindikuuzani kuti chisoni chidzatha. Ndinaika akazi anga, Iness, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo chimene ndaona ndi chakuti munthu umangozolowera kusatembenuka ukafuna kuuza mnzako nkhani. Mawu ena oposa pamenepa ndilibe.

Koma tili ndi pempho limodzi. Mayi Rahila anafesa nazale yawo asanadwale, ndipo mbande zakwana kale kuwokera. Zikakhala sabata ina zikalamba, ndipo sizidzabereka zoti nyumba ya anthu khumi ndi mmodzi n'kudya mpaka chaka chamawa. Mwana wanu Kulusumu anatiuza kuti mitsuko yonse anaikhuthulira m'nazalemo, kotero mbewu imene mayi anaisankha zaka zonsezi ili m'matope amenewo basi. Titakufunsani Loweruka za mbandezo, munati, "Anafesa yekha, ndipo amadziwa yekha pamene amafuna kuwokera. Zisiyeni." Tinamva, ndipo sitinakhudze kanthu. Munda ndi wanu, maliro ndi anu, ndipo ife amene tinalephera pa zimene sitinafunse sitingalowe m'munda mwa mayi popanda chilolezo.

Komabe kuwokera ndiyo ntchito imene timaidziwa, ndipo pamenepa sitingalakwitse. Lachinayi m'mawa mamembala onse adzaima m'mphepete mwa munda wawo ndi makasu ndi zingwe. Palibe amene adzaponde m'madzi mpaka mawu achokere kwa inu. Simukuyenera kubwera kapena kutiphikira, mungotuma Kulusumu. Akadzati tilowe, pofika madzulo munda udzakhala utatha. Akadzati tibwerere, tidzabwerera popanda kudandaula, ndipo nkhaniyi sitidzaitchulanso.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu bambo Swaibu, kwa a Abasi, Kulusumu ndi abale awo, kwa adzukulu amene ataya mayi kachiwiri, ndi kwa onse amene anadyapo m'manja mwa mayi Rahila. Mulungu, amene inu ndi ife timamupempha aliyense m'njira yake, awalandire bwino ndipo akupatseni mphamvu masiku amene akubwerawa, makamaka anthu akadzabalalika pakhomo n'kukhala chete. Tsiku la sadaka mutiuze msanga, ndipo mutiuzenso zoyenera kubweretsa. Ulendo uno tifunsa.

Kalatayi ndaipereka kwa mlembi wathu kuti akufikitsireni pamanja. Ine ndikutsikira kudambo, madzi agumula mizere iwiri m'munda mwanga ndipo ikufunika kutseka asanakokolole mbande.

Ine wanu m'chisoni,

Tedson Chimkoko
Wapampando