Mwana Wanga Wotsiriza Abadwira ku Ofesi

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi miyendo yanu ija. Kodi kutupa kunaphwa, kapena mukuyendabe ngati bakha? Nanga alamu akutsokomolabe? Muwauze kuti fodya si mankhwala. Ife kuno tili bwino. Mwana wathu wamkazi akugwirabe ntchito kuchipatala kuja, ndipo mdzukulu wamng'ono wayamba sukulu. Ndiye ntchito yolera yomwe ndinabwerera kuno yandithera m'manja.

Nkhani ndi iyi. Mumsewu wathu, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala, pali kachipinda kopanda kanthu. Munali wosoka nsapato, anakalamba n'kupita kwa ana ake. Kumaso kwake ndi galasi lokhalokha. M'mawa ndikaperekeza mwana kusukulu ndimaima tsidya la msewu n'kumakayang'ana. Dzuwa limalowamo n'kugona pansi ngati mphaka, ndipo ine ndimaona makina anga osokera ali pomwepo, ulusi wamitundumitundu uli ndandanda pakhoma, diresi laukwati likulendewera kudikira mwini wake. Mpaka phokoso la makinawo ndimalimva. Tsiku lina dalaivala wa basi anachita kundikalipira, chifukwa ndinali nditaima pamsewu ndikukonza kolala ya diresi lomwe kulibe.

Anthu a kuno sadziwa singano, achemwali. Batani likangothothoka amataya malaya onse. Ndakhala ndikuwasokera aneba pabalaza, kuika zipi, kupinda mathalauza. Koma mwana wathu anandiopseza kuti mlendo saloledwa kuchita malonda, akandigwira adzandikweza ndege. Chilolezo changa chokhalira kuno chidzatha nyengo yozizira ikangoyamba. Mwini kachipinda kaja wati andidikira mpaka pomwepo basi, chifukwa pali wina wogulitsa mafoni akukafunanso. Zikakanika ndibwerera kwathu chimanjamanja, galasi langa litadzaza mafoni.

Ndiye tinapita kwa loya, kamayi kochepa thupi, magalasi ake ngati mateyala a njinga. Mwana wathu ndiye ankanditanthauzira. Loyayo anati njira ndi kulembetsa kampani, ndipo zomwe ananena kenako zinanditseka pakamwa koyamba chibadwire. Anati pamaso pa lamulo kampani ndi munthu. Imabadwa, imakhala ndi dzina lake ndi keyala yake, imatsegula buku lake kubanki, imakhoma msonkho wake, ndipo mwini wake akamwalira iyo imatsala. Pakamwa patatseguka ndinamufunsa ngati akunena kuti pamsinkhu wangawu ndili ndi pakati. Anaseka n'kuvomera, nati koma mzamba wa ameneyu ndi boma. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda pang'onopang'ono pokwera masitepe.

Keyala sinavute, mwini kachipinda analemba pangano la lendi loti liyambe kugwira ntchito kampani ikabadwa. Panafunikanso munthu wokhazikika m'dziko muno woti aime nane ngati mtsogoleri. Mkamwini anadzipereka msangamsanga, tayi atamanga kale. Ndinamuuza kuti munthu wofunsa mkazi wake m'mawa uliwonse komwe kuli masokosi ake sangatsogolere ngakhale nkhuku. Ndinasankha mkazi wakeyo. Mpaka lero mkamwiniyo amandipatsa moni wa mbali imodzi.

Vuto linabuka padzina. Loya anati dzina liyambe, alifufuze ngati wina sanalitenge kale, kenako kampani ibadwe. Ndinakanitsitsa. Inu mukudziwa kuti mwana satchulidwa dzina ali m'mimba. Mukukumbukira woyamba wanga uja, amene bambo ake ankamuitana ndi dzina ndikadali ndi pakati, amayi akuwaletsa iwo osamva. Kuchipatala tinabwerako ndi dzina lokha. Mwana wathu anachita manyazi, kunditsina pansi pa tebulo, akuti zimenezo ndi zamakedzana. Ndinamukumbutsa kuti makedzanawo ndiwo anamubereka. Tinabwerera kunyumba tisanalembe kanthu.

Nzeru inandifikira ndili pamakina. Ndinatenga kansalu koyera, n'kusokapo dzinalo ndi ulusi wofiira, chilembo ndi chilembo, monga momwe aphunzitsi athu ankalembera pabolodi ndisanasiye sukulu. Titabwerera kwa loya ndinamuikira m'manja kali kopinda, ndipo ndinauza mwana wathu kuti atanthauzire osachotsapo liwu: “Mulembe m'makina mwanumo, koma pakamwa panu lisatuluke mpaka atabadwa.” Anatambasula kansaluko, anawerenga ndi maso okha, anagogoda kompyuta yake, kenako anangogwedeza mutu kusonyeza kuti palibe analitenga. Anakapindanso bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. Mtsikana ameneyu analeredwa.

Tsono pempho langa ndi ili. Kuti a boma la kuno andisinthire chilolezo, ndichoke pa mlendo ndikhale wamalonda, akufuna chikalata chosonyeza kuti ndinabadwa. Ndaima pamaso pawo ndi thupi lonseli, mpando wawo mpaka kulira, koma akuti umboni palibe. Ife tinabadwira m'nyumba, ndani ankalemba? Loya wati munthu amene analipo akalumbire kwa woweruza milandu kwathuko, adindepo chidindo, kenako ku ofesi yoona za mayiko akunja adindeponso. Chikafika kuno womasulira wovomerezeka ndi boma adzachitembenuzira m'chilankhulo chawo. Popanda chimenecho kampani singabadwe ndili mwini wake.

Mwa onse amene analipo tsiku lija mwatsala ndinu nokha. Munkandiuza kuti anakuthamangitsani kuti mukasewere, inu n'kubwerera kudzasuzumira pamng'alu wa chitseko. Kusamva kwanu kuja lero kwapeza ntchito. Mwana wanu wamwamuna akutengeni pa njinga yamoto, miyendo isakhale chifukwa. Mukanene chaka, malo ndi mayina a makolo athu basi. Zoti ndinatuluka ndikulongolola musakawauze, sanafunse. Chonde musazengereze, mphepo yayamba kale kusintha kuno.

Zikatheka ndidzakuitanani mudzaone. Ndakusungirani kale malo pafupi ndi galasi, pomwe pamagona dzuwa paja. Mudzakhala pamenepo miyendo ili pakampando, mukuthira ulusi m'masingano, maso anu akadzalola, ndipo tizidzajeda odutsa m'chilankhulo chomwe sakuchimva. Nthawi zina ndimaganiza kuti ife tonse tikadzapita, alamu ndi fodya wawo, ine ndi pakamwa pangapa, mwana ameneyu adzakhala akutsegulabe chitseko m'mawa uliwonse, mdzukulu wa mdzukulu wanga akupukuta galasi. Ana anga ena ndinawabereka ndikuopa. Uyu akuti safa.

Mupereke moni kwa alamu, kwa mlongo wathu ndi akazi ake, kwa apongozi anu, ndi kwa ana onse. Adzukulu anu kuno akuti muwatumizire chithunzi chomwe simunatseke maso.

Mwaona kuti lero sindisaina ndi dzina lija munandipatsa ndili kumsana kwanu, lomwe ndimatsekera nalo makalata anga onse. Sindinaliiwale. Lili pakansalu, likudikira kubadwa.

Ndine mng'ono wanu,
amene mukukalumbira kuti anabadwa.