Ikayasama Yafa

9 Okutobala 2024
Yoram wafika. Bwenzi langa lophunzira ku Norway, chaka chachinayi tsopano. Watsika basi ya ku Lusaka jekete ili pamkono. Jekete, kuno ku Feira, mu Okutobala! Mbuzi zomwe zikubisala pansi pa magalimoto. Wanenepa, wayera, Chinyanja chikumupunthwitsa. Koma ndisaname, mtima unadumpha. Nsomba zanga za pende zapserera pang'anjo ndili kusiteshoni.

Amayi apukutanso mbale za kwa Yoram. Ziwiri zovundikirana, zomwe a Everisto, amalume ake, anabwera nazo podzandifunsira. Zikadali pamwamba pa kabati. Za tsiku la ukwati, zii.

11 Okutobala
Kumsika amanditcha mkazi wa dokota, ndiye lero ndamufunsa chimene amaphunzira kwenikweni. Nkhono. Nkhono za m'nyanja yozizira, za zigoba ziwiri, azungu amadya ngati ndiwo. Akuti nyanjayo yafundako pang'ono, nkhono zikuvutika, asodzi akumeneko akulira. Amaziyeza kutentha m'mawa ndi madzulo. Zikadwala, iye chakudya sichilowa.

Kuno Luangwa watsala mchenga ndi timadzi. Chimanga chinapsa chisanabereke. Pende zikubwera ngati chikhatho cha mwana, mtengo wa nkhuku. Ine wondiyeza kutentha ndilibe.

14 Okutobala
Anabwera kumsika kudzajambula nsomba zanga. Ntchentche zinamulandira bwino. Esnart wa tebulo loyandikana ndi langa anamufunsa, "Manje ba dokota, nkhono zanu muzazigulila mafiliji?" Msika wonse phwete. Iye osamva kuti akumuseka, anayamba kuphunzitsa. Akuti madzi akatentha, nsomba ndi nkhanu zimasamukira kozizira, sizibwereranso. Koma nkhono inamatirira pamwala, kothawira ilibe. "Yamoyo imatseka zigoba. Ikayasama, ninshi yafa."

Pomuperekeza ndinafunsa za ukwati. Akuti tikambirana kukazizirako. Ku Feira. Kukazizirako.

19 Okutobala
Akugona kuloji ya m'mbali mwa Zambezi, kuli fani ndi jenereta. Kwathu akuti malata amamupweteketsa mutu. Ndinamutengera masau ouma, omwe ankawakonda kale. Analawa limodzi, ena onse anapatsa mlonda.

Kenaka nkhani yabwino, akuti yabwino kwa tonse awiri. Amuwonjezera zaka zitatu. Kuli nkhono zina kumpoto kwenikweni, nazonso zayamba kumva thukuta. "Iwe Thecla ndiwe wolimba, siuvuta. Uzayembekeza chabe."

Ndinabwerera wapansi dzuwa lili paliwombo. Ndinalira kuseri kwa chigayo. Misozi inauma isanafike pachibwano, nayonso ikudziwa za chilala. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ine. Ndikumukondabe, ndiye chondikwiyitsacho.

20 Okutobala
Amayi akuti ndisapupulume, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndamutumizira uthenga katswiri, kumufunsa ngati nkhono zake zili ndi maso. Wayankha msangamsanga, koyamba chibwerereni. Zilibe. Wawonjezera ndi zithunzi, wakondwa kuti ndayamba kuchita chidwi.

23 Okutobala
Ndatsitsa mbale pakabati. Amayi anakhala pakhomo osandiyang'ana. Mwambo umati pothetsa chibwenzi obweza mbale ndi ankhoswe, koma ankhoswe anga ali kutsidya ku Zumbo ndi malonda, ndipo kudikira ndatopa nako.

Ndinadutsa nazo pamsika masana, aliyense akuona. Yapansi m'dzanja ili, yovundikira m'dzanja linalo. Esnart anasiya kasitomala ali chiimire, pakamwa pululu.

A Everisto ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde. Ndinagwada, ulemu wonse, n'kuziika pamapazi awo, iyi apa, iyo apo. Anaziyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, mbale za chikwati sayenda nazo zoyasama."

Ndati akafunse adokota tanthauzo lake. Ndi maphunziro awo.

Pamwamba pa kabati patsala malo oyera, ozungulira, pomwe fumbi silinkafika. Mawa ndiikapo wailesi.