Mtsuko Unalowa M'ng'anjo Usanaume

Lolemba, 10 Julaye 1995

Akufuna kundilanda Pemphani. Apongozi anena okha lero, ali chiimire pakhomo, m'nyumba osalowa. Akuti mwana wa miyezi isanu sangamayamwe bere la munthu wotentha. Akangofika amuna anga a Greenwell, mwana apita ku Ntcheu.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ungakhale m'malo.

Loweruka tinatsegula ng'anjo ku Senta ya ku Biwi, kumene bungwe limatiphunzitsa kuumba mwaulere. Mbali yonse ya kumbuyo mapale okhaokha. Makapu a Mayi Jemima, mbale, miphika ya maluwa. Ntchito ya mwezi wathunthu ya amayi asanu ndi anayi. Zinazo zinangogundidwa. Umene unaphulika ndi mtsuko wanga, aliyense anaona.

Mayi Jemima anatola phale n'kunena, "Dongo silinama. Mbiya imaphulika woumba akagona ndi mwamuna sabata yowotcha. Nanga iwe Jenifer, amuna ako si ali ku esiteti ku Kasungu chiyambire Epulo?"

Amapemphera tchalitchi chimodzi ndi apongozi ku Chilinde. Lamulungu nkhani inali itafika.

Lachitatu, 12 Julaye

Pemphani kutsegula m'mimba, lero tsiku lachitatu. Matewera onse pachingwe, dzuwa kulibe. Kukiliniki akuti madzi a mchere ndi shuga, ndipo ndisasiye kuyamwitsa. Apongozi anamugwira paliwombo, akuti, "Tsempho ili. Mwana sanatengedwe, iwe wayamba kale kuyendayenda." Inde sanatengedwe. Timadikira bambo wake abwere.

Zoona zake ndikuzidziwa ndekha ndi Mulungu.

Mtsuko uja ndinauumba mochedwa. Pansi pake pochindikala, kunja kukuzizira chonchi. Amayi Gwanda, aphunzitsi athu, anatiuza tsiku loyamba lomwe: ika mbiya patsaya, ikazizira ndiye kuti mudakali madzi. Ndinauika patsaya. Zii. Ndinaulowetsabe kumbuyo, pamene a Kasimu owotcha ng'anjo anapita kukatuta nkhuni.

Kuti upite kalasi youmbira pa wilo pafunika zinthu zisanu zowotcha. Ine ndinali ndi zinayi. Basi, chifukwa chake n'chomwecho.

Lamulo lili pakhoma, zilembo zofiira. Woika chosauma m'ng'anjo achoke pa Senta.

Lachinayi, 13 Julaye

Ndinapita, mwana kumbuyo. Benchi yonse ndekha. Nditafuna kutapa dongo, Mayi Jemima anakoka ndowa ndi phazi. "Lathu lino lidakali lozizira, mayi." Ena kuseka chamumtima, ena kuyang'ana pansi.

Amayi Gwanda kulibe. Anapita ku Dedza ndi lole kukagula dongo ng'anjo isanatsegulidwe. Sakudziwa chilichonse.

Ndinkafuna kuulula. Sukulu ndinalekezera sitandade 6. Chibadwire palibe anandiuzapo kuti ndimatha kanthu, kufikira Amayi Gwanda atagwira kambale kanga n'kunena kuti manja awa ndi a mmisiri. Ndiye ndinene ndekha mawu ondichotsa pamenepo?

Ndinabwerera osanena.

Loweruka, 15 Julaye

Ndanena. Pamaso pa onse, nditaimirira.

Dzulo apongozi anabwera ndi botolo la mkaka ndi kachitini ka wa ufa, akuti mwana azizolowera. Pemphani analavula. Anamukakamiza. Analira mpaka mawu kutha. Pamenepo ndinati Senta ipite.

Ndinafotokoza zonse, za patsaya, za nkhuni. Mayi Jemima akuti, "Sabata yathunthu uli duu, lero ndiye wakumbukira? Wakupangira ndani nzeru imeneyi?"

A Kasimu anabwera ndi tako la mtsuko uja. Analisunga. Anaonetsa mmene lasendekera mapepemapepe, akuti chimenechi ndi madzi, moto sufunsa za kuchipinda kwa munthu. Ndinamva mtima kutsika. Kenako Mayi Jemima, mosakweza mawu n'komwe, "Taonani amene akumuikira kumbuyo. Phale la mwini mpaka kulisunga."

A Kasimu anaika phale pansi, anatenga njinga yawo, ulendo. Ali ndi mkazi ndi ana ku Area 24, sindingawadandaule.

Poyamba mwamuna wondinamizira uja analibe dzina. Tsopano ali nalo. Senta ndaitaya, mwana sindinamupulumutse. Phale ndabwera nalo, lili pansi pa bedi.

Lolemba, 17 Julaye

A Greenwell afika masana. Anayamba adzera ku Chilinde kwa mayi awo. Chakudya osakhudza. Sanandimenye, mwina kukanakhala bwino. Funso limodzi lokha, "Kasimu ndi ndani?"

Ndinawapatsa phale. Analitembenuza uku ndi uku. "Ine za dothi ndizidziwira kuti, Jeni?"

Koma Pemphani anamunyamula nthawi yaitali. Mwana lero wachitako bwino, watsegula kawiri kokha, wayamwa mwamphamvu. Ndinati onani, wa tsempho amayamwa chonchi? Anangomuyang'ana mwanayo. Maso ofiira. Akufuna kundikhulupirira, ndikuona, koma mayi awo amawaopa kuyambira kale.

Pomaliza akuti, "Akanena aphunzitsi akowo pamaso pa amayi, ndimva. Iwo ndi akuluakulu, ndi amayi anzawo. Koma mwamuna uja asayerekeze kuponda pano."

Apongozi akuti basi ya ku Ntcheu ndi ya Lachitatu. Kumudzi kuli munthu wodziwa mankhwala a tsempho. Ine ndisatsatire. Mwana wotsegula m'mimba, ulendo wonsewo, wopanda bere. Madzi a pachitsime m'botolo. Sangathe sabata.

Lachiwiri, 18 Julaye

Ku Senta kawiri. Lole sinabwere. Akuti yafera m'njira.

Lachitatu, 19 Julaye

Mayi a Tracy oyandikana nafe akuti anawaona Amayi Gwanda dzulo madzulo akutsika minibasi ku Area 23, kumene amakhala. Mayi a Tracy akupita komweko kukaoda tomato, avomera kunditengera pepala. Ine sindingachoke. Apongozi ali pakhonde chiyambire m'mawa, matewera amanga kale m'chitenje. A Greenwell apita kukabwereka chikwama. Mwana ali pabere, ndikulemba ndi dzanja limodzi. Ndikangomutsitsa amunyamula.

Ndithothola tsamba lomweli.

Amayi Gwanda, ndine Jenifer. Ndinaika mtsuko wosauma m'ng'anjo, ndinaswetsa ntchito ya anzanga. Lamulo ndikulidziwa, mundichotse, sindidzatsutsa. Koma bwerani mudzawauze apongozi anga chimene chimaphulitsa mbiya. Ine sakundimva, a Kasimu sangabwere. Kawale 2, kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira. Basi akuti inyamuka 11 koloko. Musayambe mwadzera ku Senta, musadikire kusamba, bwerani mmene mulilimo Amayi, a Greenwell ndi awo akulowa pampanda