Ndinabisa botolo la mafuta, tsopano ana akusiya chakudya

Aphungu,

Pepani ngati mawu ena sindinawalembe bwino, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kalatayi ndailemba katatu.

Ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndimaphikira ana pa sukulu ya mkaka. Wamkulu pa onse ali ndi zaka zisanu. Mwezi watha sinki ya m'khitchini inatseka. Pulambala atamasula paipi anatulutsamo mafuta oundana, otuwa, onunkha. Anandionetsa n'kunena kuti, "Mwaona achemwali? M'mitsempha mwanumo mulinso chonchi." Iye anaseka, ine sindinaseke.

Tsiku lomwelo botolo la mafuta ndinalibisa kuseri kwa ndowa. Masamba ndimangowiritsa. Nkhuku ndimaichotsa khungu, ndipo msuzi ndimaudikira uzizire kuti ndichotse ndi supuni mafuta oyandama pamwamba. Sindinauze munthu, ndinaopa kuti andiseka.

Koma mbale zayamba kubwerera zodzaza. Kamtsikana kena timakatcha Kafunsefunse kanandiyang'ana n'kuti, "Anti, kodi ndiwozi mwazichapa ndi sopo?" Dzulo ahedi anandiitana. Anati makolo akudandaula kuti ana akumafika kunyumba ndi njala. Akufuna Lachisanu ndikaime pamaso pa makolo ndi ana omwe ndifotokoze kaphikidwe kanga, ndipo zikapanda kusintha apeza wophika wina.

Aphungu, ntchitoyi ndimaikonda. Kodi ndalakwa kuteteza ana? Nanga ndikanene chiyani, ine amene ndimanjenjemera ngakhale popereka moni?

Ine T.M., wophikira ana.

*

Mwanawe T.M.,

Mtima wako ndi wabwino, koma dokotala unasankha wa sipanala. Pulambala amadziwa mapaipi, ndipo mwana si sinki. Sananame kwathunthu ayi: mafuta olimba ochuluka, odyedwa zaka ndi zaka, amavutitsadi mtima. Koma iwe wamva mphekesera ya njoka n'kutentha munda wonse.

Mwana m'mimba mwake ndi mochepa pomwe miyendo yake siikhala pansi. Mafuta amamupatsa mphamvu zambiri m'chakudya chochepa, n'chifukwa chake akasowa, njala imabwera msanga. Amathandiza ubongo kukula, amafunditsa thupi, komanso amatchinjiriza ziwalo za m'kati. Ndipo mavitamini A, D, E ndi K amalowa bwino m'thupi pokhapokha pakhale mafuta. Masamba ako owiritsawo akufika pakhomo n'kupeza wotsegula chitseko unam'bisa kuseri kwa ndowa.

Mawa m'mawa tulutsa botololo. Thira pang'ono ndi supuni m'masamba, msuzi uusiye mumtendere. Ukapeza mazira, nsomba, mapeyala kapena mtedza wosinja, nazonso zili ndi mafuta abwino.

Usadikire Lachisanu. Pita kwa ahedi uwauze zonse, za paipi zomwe. Adzaseka, ndikulonjeza, koma bwana amene akuseka sachedwa kukhululuka. Chimene chimachotsetsa ntchito ndi kukhala chete mbale zikubwerera.

Tsikulo likafika usakayese kukhala mphunzitsi. Pala karoti, umukazinge pang'ono, utsanulire mafutawo m'kambale koyera. Uonetse anawo mmene asinthira mtundu, n'kuwauza kuti, "Mwaona? Mafuta anyamula zabwino za m'karoti kuti azipititse m'thupi mwanu." Basi. Maso ako akhale pa ana, makolo amvera momwemo. Ukasowa mawu, m'patse Kafunsefunse kambaleko, sakusiya wekha ameneyo.

Tsono chenjezo. Ufunse makolo ngati pali mwana amene mtedza, mazira kapena nsomba zimamuwenga. Mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda, taya. Ndipo poti ndakuona kuti ukagwira chinthu umagwira ndi manja awiri, usachoke kuno n'kukayamba kusambitsa ndiwo m'mafuta. Ndati supuni, mwanawe, sindinati kapu.

Aphungu