Mzimu wa don Cipriano m'kompyuta

Aphungu,

Ndine mtsikana wamanyazi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndimagwira ntchito pa ofesi ya oyendetsa maminibasi, kulemba mndandanda wa madalaivala onyamuka tsiku lililonse. Kompyuta yake ndi yakale, ya sikirini yakuda, ndipo ndimalembera mu pulogalamu yotchedwa vi. Amene anaisiya ndi malemu don Cipriano (kuno bambo timati don, mayi timati doña), mlembi amene ndinalowa m'malo mwawo.

Vuto ndi ili: ndikadina batani la kamuvi pa kiyibodi kuti ndikwere mzere, m'malo mokwera pamatuluka A. Kotsika, B. Kumanja C, kumanzere D. Tsiku lina abwana anga, doña Eulogia, anaona zilembo zili mbwee pamndandanda, n'kufunsa kuti, "Iwe, ukulemba ndi zigongono?" Mawu anangondipulumuka: "Si ine, mayi. Kaya ndi don Cipriano."

Aphungu, madalaivala atamva anakhulupirira! Wina anati, "Ndi omwewo! Ali moyo, akalawa ankalembanso zokhota." Ndisaname, zinandikomera. Tsopano chilichonse ndikalakwitsa ndimangokankhira malemuwo. Koma Lachiwiri likubwerali ndi ch'alla, mwambo wathu wothira mowa pa zipangizo zantchito kuti zidalitsike, ndipo agwirizana zokhuthulira mabotolo awiri pa kiyibodi kuti akuluwo akhute, agone. Kompyuta ikafa, ntchito yanga yatheranso pomwepo. Nditani?

N.Q., Oruro

Mwanawe N.Q.,

Kufatsa konseko, mpaka kunamizira akufa! Asiye akuluwo ause.

Kamuvi ukakadina sikatumiza chizindikiro chimodzi. Kamatumiza zitatu zondondozana: Esc, china pakati, kenako chilembo. Vi wakaleyo sadziwa kuti zitatuzo n'zapamodzi, ndiye amameza ziwiri n'kulavula chilembocho pamndandanda wako. Mzimu wako ndi umenewo.

Chita izi. Dina batani la Esc, lemba :set nocompatible, dina Enter, kenako yesanso timivito. Zikatheka, lemba mawu omwewo, opanda timadontho tiwiri ta kumayambiriroto, mu fayilo yotchedwa .vimrc kuti mawa zisayambirenso. Zikakanika, dina Esc uziyenda ndi zilembo: h kumanzere, j kutsika, k kukwera, l kumanja. Ndikuganiza kuti don Cipriano ankatero, n'chifukwa chake sanadandaulepo.

Ukakonza, uwaitane doña Eulogia aone okha, ndipo uwauze zoona Lachiwiri lisanafike. Adzakukalipira, madalaivala adzakuseka sabata yathunthu, koma ntchito idzakhalapo. Mowawo athire pansi, kiyibodi uifunditse pulasitiki, poti madalaivala akasangalala sasankha pothira.

Koma chenjera: mzimu ukachoka pa ofesipo, zolakwika zonse zotsala ndi zako.

Aphungu