Minga ya pa Damu la Kuesiteti

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Msewu waukulu ndausiya basi. Lero thiraki yochokera kuboda yandigwetsera m'ngalande, bondo lonse magazi. Dalaivala kungoliza hutala n'kumaseka. Galu wa munthu! Kwatsala masabata asanu kuti ndikathamange mpikisano wa makilomita 21 ku Lilongwe, pokonzekera ndilibe. Pabwalo la sukulu? Ndizizungulira ngati ng'ombe ya pachikhomo, ana anga a Sitandade 6 akundiwerengera mokuwa? Ayi ndithu. Mawa ndikaone damu la kuesiteti ya fodya, kumunsi kwa Chiosya.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Njira ndaipeza! Kanjira kozungulira damu lonse, foni ikuti makilomita anayi ndi theka. Dothi lofewa, kachitunda pokwera khoma la damu, mthunzi wa bulugamu, akakowa m'mbali mwa madzi. Misozi inalengeza, zoona. A Fanuel, kapitawo wa esiteti, andilola: "Thamangani aphunzitsi, bola osaononga kanthu."

Chonyansa chimodzi. Kumpoto, pamene njira yapanikizika pakati pa madzi ndi nazale ya fodya, wina waunjika minga ya mthethe. Mulu wolekeza m'chiuno. Ndalambalala m'matope, nsapato zatsopano zija zangoti bii.

Lachinayi, 9 Okutobala

Mwini minga ndakumana naye. A Jailosi, tenanti wochokera ku Phalombe, makheni awiri m'manja, akuthirira mabedi asanu ndi limodzi a mbande. Ndawapempha mwaulemu wonse kuti andisiyireko podutsa. Iwo: "Mabedi awa ndiye chaka changa chonse, mayi. Mingayo isasunthe." Anayamba kulongosola zina, koma ine ndinali nditabweza kale mahedifoni m'makutu. Ndimve chiyani? Vuto lawo ndikulidziwa. Mkazi wovala kabudula, basi. Amuna a kuno onse ndi amodzimodzi, akaona mkazi akuthamanga amafunsa chikumuthamangitsa n'chiyani.

Loweruka, 11 Okutobala

Kuzungulira katatu, kuima katatu. Munthu ungakonzekere mpikisano chotere? Munga wandilasa pakatumba. Ndakoka nthambi ziwiri n'kuziponya m'damu, mtima unachita kuti myaa.

Lolemba, 13 Okutobala

Abwezeretsa. Aonjezeranso zina, zazikulu kuposa zija! Nkhalamba yamakani. Damu ndi lawo kodi? Anabwera nalo pa basi kuchokera ku Phalombe? Ine ndalolezedwa ndi kapitawo, iwo ndani? Tiona atope ndani.

Lachitatu, 15 Okutobala

Holide ya anakubala, kusukulu kulibe. Ndadikira mpaka 10 koloko a Jailosi atamaliza kuthirira n'kupita. Mulu wonse ndaukokera m'madzi ndi ndodo, osasiya n'kanthambi komwe. Manja zilonda zokhazokha, ndilibe nazo ntchito. Kenako kanayi osaima! Makilomita 18, nthawi imene sindinaikwanitsepo chibadwire. Ku Lilongwe akandidziwa.

Pobwerera ndapatukira ng'ombe za m'mudzi zikutsetsereka kukamwa madzi. Makumi atatu kapena kuposa. Fumbi m'maso, m'kamwa.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mayo ine.

Ndafika m'mamawa. Mabedi anayi kulibe. Ziboda, ndowe, mpanda wa udzu uli pansi. Ng'ombe zadzera pomwe panali minga paja, zaona zobiriwira, zalowa. A Jailosi atagwada m'matope, akudzutsa kambande kamodzikamodzi ndi chala. Akazi awo, a Anasi, manja kumutu. A Jailosi andiyang'ana. Abwereranso ku mbande zawo.

Minga ija inali ya ng'ombe. Sinali ya ine, kapena kabudula wanga.

Nanga bwanji osandiuza? Pakamwa ali napo! Tsiku lonse ndakhala ndikuwatukwana mumtima, mpaka ndakalipira ana m'kalasi popanda chifukwa. Madzulo ano ndakumbuka. Ankandiuza. Mahedifoni aja.

Loweruka, 18 Okutobala

Sindinathamange dzulo, lero ayinso. Miyendo ili bwino, mtima ndiwo ukukana.

Kuchigayo ndapezana ndi a Anasi. Akuti a Fanuel agamula: tenanti wolephera kusamala nazale achoke Lolemba, malo ake apatsidwe wina. Kufesanso kwachedwa, mvula ili pafupi. Abwerere ku Phalombe chimanjamanja, ndi ana anayi. Atafunsidwa amene anachotsa minga, a Jailosi ayankha kuti sanaone. Bodza! Mapazi a nsapato zanga ali mbwee pamatope paja, kuno kulibenso wina wovala zotere. Ndawafunsa a Anasi chifukwa chake sananditchule. Yankho lawo likundiwotcha mpaka pano: "Mawu a tenanti angapose a aphunzitsi? Tikanangoonjezera mlandu."

Ndakwiya. Ndakwiyira a Fanuel ogamula osafufuza, eni ng'ombe, dalaivala wa thiraki uja amene anandithamangitsa kumsewu. Ndakwiyira a Jailosi, bwenzi atanditukwana pagulu zikanandipepukira. Koma ndikamaliza kuwerenga onsewo ndimatsala ndekha.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Ndikaulula, damu ndalitaya. "Bola osaononga kanthu," paja a Fanuel anatero. Ndibwerere kwa mathiraki, kutatsala masabata atatu. Mbiri ifike kwa ahedi, Chiosya yense aseke: aphunzitsi othamanga aja. Ndikakhala chete palibe angandigwire. Zaka ziwiri ndikukonzekera mpikisano umenewu. Zaka ziwiri!

Mbande zilipo kwa achimwene ku Kapondo, amafesa zopitirira chaka chilichonse. Ndawaimbira. Andinena uchitsiru kwa mphindi khumi, kenako akuti mabedi awiri angagawe. Awiri si anayi.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndavala chitenje. Nsapato ndaika m'jumbo, a Fanuel akaziyerekeze okha ndi mapazi ali pamatope, asadzati ndikungomvera chisoni tenanti. Kaya akandimvera, kaya akandithamangitsa pamodzi nawo, sindikudziwa.

A Anasi atumiza uthenga pompano. Thirakitala yokawatula kumsewu inyamuka 7 koloko, katundu wakwezedwa kale. Pano 6:25. Kuofesi ya esiteti ndi makilomita asanu ndi limodzi, kabaza palibe. Poyenda sindifika.

Ndatulutsa nsapato m'jumbo muja. Mahedifoni atsale.